Kodi chilichonse chimene chatupitsa khungu poyeza ziwengo ndiye kuti chimamuwengadi mwana?

Mayi wa Ana Awiri:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za kuyeza ziwengo pakhungu, chifukwa ndachoka kuchipatala ndili ndi nkhawa imene sindinaitulutse pamaso pa dokotala. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4. Kuyambira ali wakhanda khungu lake limauma ndi kuyabwa, makamaka kuseri kwa mawondo ndi mopindikira zigongono, ndipo madokotala anatiuza kuti ndi eczema. Chaka chathachi anayambanso kuyetsemula kwambiri akangodzuka m'mawa, mamina ali chuchuchu, maso akuyabwa. Koma chimene chinatifikitsa kwa dokotala wa ziwengo ndi zimene zinachitika miyezi 3 yapitayo. Mwanayu anadya dzira losapsetsa, ndipo pasanathe mphindi 20 milomo inatupa, thupi lonse linatuluka zidzolo zoyabwa, kenako anasanza kawiri.

Ulendo woyamba anatibweza osamuyeza, ati chifukwa ndinali nditamumwetsa Piriton dzulo lake. Ulendo wachiwiri anamuyeza. Anadontheza timadontho 12 pamkono, n'kubaya pang'ono pa kadontho kalikonse, ndipo tinadikira kwa mphindi 15. Pamalo a nthata za m'fumbi panatupa mamilimita 9, pa dzira mamilimita 8, pa mtedza mamilimita 4, ndipo pa mkaka wa ng'ombe mamilimita 3. Dokotala anati ndisiye kumupatsa mazira, koma mkaka ndi mtedza apitirize kudya monga kale. Ndinavomera, koma nditafika kunyumba mtima unayamba kundigunda, ndipo achibale ena akundiuza kuti ndichotse zonse zimene zinatupitsa khungu kuti ndisadzalire mawa. Zoona zake n'zakuti mwanayu amamwa mkaka tsiku lililonse ndipo amadya mtedza popanda vuto lililonse looneka.

Kodi ngati khungu linatupa pa mkaka ndi pa mtedza, n'chifukwa chiyani dokotala akuti apitirize kudya? Kodi pamene patupa kwambiri ndiye kuti chinthucho n'choopsa kwambiri? Ndiponso ndikufuna kumvetsa chifukwa chake kapiritsi kamodzi kanachititsa kuti atibweze.

Namwino Wopuma Ntchito:

Mayi, pepani ndi zimene zinamuchitikira mwanayo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanasinthe chakudya chake. Ndinagwira ntchito yoyeza ziwengo kwa zaka zambiri, ndipo ndiyambire pa mfundo imene makolo ambiri sauzidwa momveka: kuyeza kumeneku sikuona matenda, kumaona ngati thupi la munthu linapanga timapuloteni ta chitetezo totchedwa IgE tolimbana ndi chinthu chinachake. Kukhala ndi IgE yoteroyo ndi nkhani ina, ndipo kudwala ukadya chinthucho ndi nkhani inanso.

Zimachitika motere. M'khungu la munthu aliyense muli maselo otchedwa mast cells, amene amakhala odzaza ndi mankhwala achibadwa otchedwa histamine. Ngati thupi linapanga IgE yolimbana ndi dzira, IgE imeneyo imakhala itamatirira kunja kwa maselowa, ikudikira. Namwino akabaya pa kadontho ka dzira ndi kachitsulo kamene nsonga yake ndi yaitali pafupifupi milimita imodzi yokha, kachigawo kochepetsetsa ka mapuloteni a dzira kamalowa m'khungu lapamwamba, kamakumana ndi IgE ija, ndipo maselo aja amatulutsa histamine. Histamine imatsegula timitsempha ta magazi, madzi amatuluka n'kudzaza pamalopo, ndipo pamabuka katotupa koyabwa konga pamene waluma udzudzu. Katotupako kamafika pachimake pakatha mphindi 15 mpaka 20, n'chifukwa chake munadikira nthawi imeneyo.

Pa timadontho 12 tija, tiwiri sitinali ta ziwengo ayi. Kena kanali histamine yeniyeni, kamene kamayenera kutupitsa khungu la munthu aliyense, ndipo kena kanali madzi amchere chabe, amene sayenera kutupitsa. Tiwiri timeneti ndi mboni zosonyeza kuti zotsatira zake n'zodalirika. Apa ndi pamene pali yankho la funso lanu la Piriton. Mankhwala amenewa, pamodzi ndi anzake monga cetirizine, loratadine ndi promethazine, ntchito yawo ndi kutsekereza histamine kuti isagwire ntchito. Akanamuyeza tsiku lija, khungu likanatha kukhala chete ngakhale pa dzira, ndipo mukanabwerera kunyumba mutauzidwa kuti mwana alibe chiwengo pamene ali nacho, chomwe n'choopsa kuposa kubwezedwa. N'chifukwa chake zipatala zimapempha kuti mankhwala oterewa asiyidwe kwa masiku angapo, kawirikawiri 3 mpaka 7 malinga ndi mtundu wake. Mankhwala ena a chifuwa ndi chimfine amakhalanso ndi zotsekereza histamine zimenezi, zotchedwa antihistamine, mkati, ndipo amitriptyline, amene akuluakulu ena amamwa, amatontholetsanso khungu. Koma mankhwala opopera a mphumu sasokoneza kuyezaku, ndipo munthu asawasiye.

Lamulo limene limatsatidwa ndi lakuti katotupa kakaposa ka madzi amchere kaja ndi mamilimita 3 kapena kuposerapo, timalemba kuti thupi layankha. Mukaona manambala a mwana wanu, mkaka uli pa malire penipeni ndipo mtedza wangodutsa pang'ono. Ana amene ali ndi eczema amakhala ndi IgE yambiri m'thupi, choncho khungu lawo limayankha ku zakudya zambiri zimene amadya bwinobwino. Mwana amene amamwa mkaka tsiku lililonse osatupa, osasanza, osabanika, wakhala akudziyeza yekha tsiku ndi tsiku, ndipo umboni umenewo ndi wamphamvu kuposa kadontho ka pamkono. Dzira ndi losiyana chifukwa zinthu ziwiri zagwirizana: munaona ndi maso anu milomo ikutupa pasanathe mphindi 20, ndipo khungu latsimikizira.

Ndikuchondererani kuti musachotse mkaka ndi mtedza. Sindikunena izi chifukwa cha thanzi la mafupa ndi kakulidwe ka mwana kokha, ngakhale kuti zimenezo n'zofunika. Thupi limene lili kale ndi IgE koma likulolera chakudya limapitiriza kuchilolera chifukwa chakuti likukumana nacho pafupipafupi. Mukachichotsa kwa miyezi yambiri, kulolera kuja kungathe, ndipo tsiku limene mwana adzachidyenso angathe kudwala chiwengo chenicheni chimene analibe poyamba. Madokotala akhala akuona zimenezi makamaka mwa ana a eczema. Kafukufuku wotchedwa LEAP, amene anatsogoleredwa ndi Gideon Lack wa ku King's College London ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anatsatira makanda 640 amene anali ndi eczema yaikulu kapena chiwengo cha mazira. Amene anayamba kudya mtedza adakali makanda n'kumapitiriza anali ndi chiwengo cha mtedza chochepa ndi pafupifupi 80 peresenti pofika zaka 5, poyerekeza ndi amene anaupewa. Kafukufukuyu anali wa makanda, osati wa ana a zaka 4, koma anasintha maganizo akale akuti kupewa ndiye kuteteza.

Pa funso la kukula kwa katotupa, yankho ndi lakuti katotupa kakakulu kamasonyeza kuti mpata woti munthuyo ali ndi chiwengo ndi waukulu, koma sikaneneratu kuti chiwengocho chidzakhala choopsa motani. Wina wa mamilimita 5 angathe kubanika, pamene wina wa mamilimita 12 angangotuluka zidzolo.

Bambo Wodwala Mphumu:

Ndikugwirizana ndi zonse zimene anamwino afotokoza, ndipo ine ndikufuna kulankhulapo pa nambala imene mayi simunaifunse kwenikweni, ya nthata za m'fumbi. Mwa zonse zimene zinatupa, imeneyo ndi imene ikufotokoza kuyetsemula kwa m'mawa. Tizilombo timeneti sitioneka ndi maso, timakhala m'matiresi, m'mapilo ndi m'mabulangete, timadya tizidutswa ta khungu timene timayoyoka pathupi la munthu, ndipo chimene chimatiwenga kwambiri ndi mapuloteni a m'ndowe zake. Mwana amagona usiku wonse mphuno ili pa pilo, n'chifukwa chake amadzuka akuyetsemula. Kwa zaka zambiri madokotala ankadziwa kuti fumbi la m'nyumba limadwalitsa anthu koma sankadziwa chimene chili m'fumbimo, mpaka mu 1964 pamene akatswiri a ku Leiden, m'dziko la Netherlands, motsogoleredwa ndi Reindert Voorhorst, anasonyeza kuti ndi nthata zimenezi.

Ine ndinayezedwa ndili wamkulu kale, nditavutika ndi mphumu kwa nthawi yaitali. Khungu langa ndi lakuda kwambiri, ndipo ndinkada nkhawa kuti palibe chimene chidzaoneke, popeza zithunzi zonse zimene ndinaona zinali za khungu loyera lofiira mozungulira. Namwino anandiuza kuti chimene amayeza si kufiirako, koma katotupa kokwera pamwamba, kamene amakaona poyang'ana cham'mbali pa kuwala kwabwino ndiponso kukakhudza ndi chala, kenako n'kukazunguliza ndi cholembera kuti akayeze ndi rula. Pa ine panatupa pa nthata ndi pa mphemvu. Nditayamba kuchapa zofunda m'madzi otentha madigiri 60 mlungu uliwonse, kuvindikira matiresi ndi nsalu yothina imene nthata sizidutsa, ndi kupukuta fumbi ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa, usiku wanga unayamba kupepuka, ngakhale kuti mankhwala opopera sindinawasiye ndipo sindikuuza wina aliyense kuti awasiye.

Chenjezo langa ndi la kuyeza kwina kumene ndinagweramo ndisanapite kwa dokotala wa ziwengo. Ndinapereka magazi kumalo ena amene ankalonjeza kuyeza zakudya zambirimbiri nthawi imodzi poyang'ana mtundu wina wa timapuloteni ta chitetezo wotchedwa IgG, osati IgE. Anandipatsa mndandanda wautali wa zakudya zoti ndisiye, ndipo ndinazisiyadi kwa miyezi ingapo mpaka ndinaonda, koma mphumu sinasinthe. Pambuyo pake ndinaphunzira kuti IgG yolimbana ndi chakudya imangosonyeza kuti munthu amadya chakudyacho, ndipo mabungwe a madokotala a ziwengo a ku Ulaya ndi ku America amakana kuyeza kotereku. Achibale anu akadzakuuzani za njira imeneyi pofuna kutsimikizira za mkaka, musaitsatire.

Mlongo Wokonza Tsitsi:

Mayi, ine ndilibe mwana wa vuto limeneli, koma pali mbali imodzi imene sinatchulidwe, ndipo ndikuopa kuti wina wowerenga pano angaganize kuti kuyeza kobaya kumayankha chiwengo chilichonse cha pakhungu. Manja anga anayamba kusweka, kutuluka timatuza ndi kuyabwa koopsa nditagwira ntchito yokonza tsitsi kwa zaka zingapo. Anandiyeza kobaya kuja ndipo sipanatupe paliponse, moti ndinabwerera ndikuganiza kuti si chiwengo. Dokotala wa khungu ndi amene anandifotokozera kuti pali chiwengo china chimene sichidalira IgE, chimene chimayendetsedwa ndi maselo a chitetezo otchedwa T cells ndipo chimatenga tsiku limodzi, awiri kapena kuposerapo kuti chioneke.

Chiwengo chimenecho amachiyeza ndi patch test, njira imene dokotala wa khungu Josef Jadassohn anaiyambitsa mu 1895. Sabaya ayi. Amamata timbale ting'onoting'ono tokhala ndi mankhwala osiyanasiyana kumsana, munthu amakhala nato maola 48 osanyowetsa msanawo, kenako amatichotsa n'kuona, ndipo amadzaonanso kachiwiri pa tsiku lachitatu kapena lachinayi chifukwa zina zimachedwa kutuluka. Pa ine anapeza paraphenylenediamine, mankhwala amene amapezeka mu utoto wambiri wodetsa tsitsi. Ena amawapeza ndi nickel ya m'ndolo ndi m'zitsulo za malamba, ena chromate ya mu simenti, ena zonunkhiritsa za m'mafuta odzola. Ndikunena izi chifukwa mwana wanu ali ndi eczema ndipo mwina mumamudzoza mafuta osiyanasiyana. Ngati khungu likukana kupola ngakhale mukutsatira malangizo onse, kapena likuipiraipira pamalo amene mwadzoza, funsani dokotala ngati patch test ingathandize.

Mayi wa Ana Awiri:

Zikomo kwambiri nonse, mtima wanga wakhala pansi pa nkhani ya mkaka ndi mtedza, ndipo ndipitiriza kumupatsa. Ndatsala ndi mafunso awiri kwa anamwino. Mwamuna wanga akuti tikayezetsenso magazi chifukwa iye akuona kuti makina sanama pamene maso a munthu angalakwitse. Kodi kuyeza magazi n'kodalirika kuposa kwa pakhungu? Chachiwiri, ndakumbukira kuti mwanayu wakhala akudya keke yokhala ndi mazira osadwala. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti ndingayese kumupatsa kachidutswa ka dzira lophika kunyumba kuti ndione?

Namwino Wopuma Ntchito:

Ndiyambe ndi funso lachiwiri chifukwa ndi limene lili ndi ngozi. Musayese kunyumba, mayi. Mwana amene anatupa milomo, kutuluka zidzolo thupi lonse ndi kusanza anakhudzidwa mbali ziwiri za thupi nthawi imodzi, khungu ndi m'mimba, ndipo palibe amene angalonjeze kuti ulendo wina sizidzafika pa kupuma kapena pa kuthamanga kwa magazi. Kuyesa chakudya pang'onopang'ono ndi njira yeniyeni, ndipo ndi imene madokotala amaidalira kuposa kuyeza kwina kulikonse, koma kumachitikira kuchipatala, kuyambira pa kachidutswa kochepetsetsa n'kumawonjezera pakapita mphindi zingapo, pali pafupi adrenaline, mankhwala obaya opulumutsira munthu chiwengo chikafika poopsa, ndi anthu odziwa kuigwiritsa ntchito.

Nkhani ya keke ija ndi yofunika kwambiri ndipo mukamuuze dokotala, chifukwa mwina sanaimve. Kutentha kwakukulu kwa nthawi yaitali mu uvuni kumasintha maonekedwe a ena mwa mapuloteni a dzira, makamaka akasakanizidwa ndi ufa wa tirigu, moti IgE imalephera kuwazindikira. Ana ambiri amene dzira losapsetsa limawawenga amadya zophikidwa mu uvuni popanda vuto, ndipo kawirikawiri amalangizidwa kupitiriza kudya zimene akhala akuzilolera kale. Koma dzira lowiritsa kapena lokazinga silinatenthedwe mofanana ndi la mu keke, choncho kulolera keke si chilolezo chodya dzira. Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti chiwengo cha mazira ndi cha mkaka chimatha mwa ana ambiri akamakula, mosiyana ndi cha mtedza chimene kawirikawiri chimakhalitsa.

Za magazi, auzeni bambo akunyumbako kuti makinawo amayeza chinthu chomwecho, IgE yolimbana ndi chakudya chinachake, kungoti amaiyeza m'magazi pamene kuyeza kobaya kumaona mmene ikugwirira ntchito m'khungu. Zimene makina angalembe pa mkaka zingakhalenso zokwera pang'ono mwa mwana wa eczema, ndipo mudzakhala ndi funso lomweli muli ndi pepala lachiwiri m'manja. IgE inatulukiridwa cha m'ma 1966 ndi 1967 ndi magulu awiri, Kimishige ndi Teruko Ishizaka ku Denver, komanso Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala, ndipo kuyeza magazi kunabwera pambuyo pake. Kuyeza pakhungu n'kwakale kwambiri kuposa pamenepo. Dokotala wa ku Manchester, Charles Blackley, amene mungu unkamudwalitsa, anaupaka pakhungu lake lomwe atalikanda, n'kuona likutupa, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1873, mawu akuti allergy, otanthauza chiwengo, asanapangidwe n'komwe ndi Clemens von Pirquet mu 1906. Njirayi yakhalitsa chotere chifukwa imapereka yankho tsiku lomwelo ndipo ikanena kuti palibe IgE ya chakudya chinachake, nthawi zambiri imakhala ikulondola.

Magazi ali ndi malo ake. Timawasankha ngati munthu sangathe kusiya antihistamine, ngati eczema yafalikira moti palibe khungu labwino loyezerapo, ngati khungu lake limatupa likangokandidwa ndi chilichonse moti ngakhale madzi amchere aja amatupitsa, kapena ngati dokotala akuona kuti ngakhale kubaya pang'onoko kungakhale ndi ngozi, monga mwa munthu amene mphumu yake yavuta masiku amenewo kapena amene amamwa mankhwala a mtima monga propranolol, amene amachititsa kuti adrenaline isagwire bwino ntchito. Kuyeza kobaya sikuchitachita kudwalitsa thupi lonse, koma n'chifukwa cha mpata wochepawo kuti kumachitikira kuchipatala kokha. Pali ndithu kuyeza magazi kwatsopano kumene kumaona puloteni imodziimodzi, monga Ara h 2 ya mu mtedza kapena ovomucoid ya mu dzira, ndipo kumathandiza dokotala pamene nkhani ili yokayikitsa. Pa mtedza wa mwana wanu palibe chokayikitsa malinga ngati akupitiriza kuudya bwinobwino.

Mukadzapitanso, tengani pepala la zotsatira lija, ndipo lembani pasadakhale zakudya zokhala ndi mazira zimene mwana wadyapo osadwala, kuchuluka kwake ndi mmene zinaphikidwira. Funsani dokotala kuti adzamuyezanso liti pa dzira, popeza kuchepa kwa katotupa m'kupita kwa zaka n'kumene kumathandiza kusankha nthawi yoyesera chakudyacho kuchipatala. Pemphaninso kuti akulembereni zoyenera kuchita ngati mwana wadya dzira mwangozi, zimene mungapatsenso aphunzitsi ake, ndipo mufunse ngati akufunika kuyenda ndi jakisoni wa adrenaline. Mwana akadzayamba kubanika, mawu kusasa, kutsokomola kosalekeza kapena kulefuka atadya, Piriton si yokwanira, ameneyo amafunika adrenaline pantchafu ndi kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.